Thumba la M'kati mwa Jekete

Germiston, 8 Malichi 1998

Okondedwa Anangondo,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata pamene ndikudziwa kuti manja anu ali kumunda. Ndikadakhala ndi wina womupempha zimenezi sindikadakusokonezani. Kaya muli bwanji pamodzi ndi Esinta ndi Maliko? Ine kuno ndilipo, kungoti tulo tikuchepa.

A Gomani a lole akupatsani envulopu ndi nsalu ya khaki. Za mu envulopu mupatule za sukulu ya Esinta poyamba, zotsalazo mugule malata a pakhonde aja. Muwagwire kaye ndi dzanja musanalipire, ena ndi opyapyala ngati pepala.

Pempho langa ndi ili. Mundisokere mathalauzi awiri, koma m'chiuno muonjezere mainchesi awiri pa muyeso umene muli nawo. Modutsa lamba mukhale motakata, ndipo musoke mobwereza kuti mulimbe. Mundisokerenso malaya aatali pang'ono, oti ndizivala osapisira. Ndikudziwa mudabwa, popeza chikwatirane simunandionepo nditatuluka m'nyumba osapisira. Kuntchito zinthu zasintha. Pali katundu wina amene tikuyenera kumayenda naye pathupi popanda kuoneka. Ndidzafotokoza bwino mtsogolo.

Sello, dalaivala mnzanga uja ndinkamutchula, tinamuika Loweruka lapita. Achifwamba anamupeza ku Thokoza akutsitsa buledi pa okala, namupha n'kutenga chikwama cha ndalama. Njira imene ankayenda iye andipatsa ine. Koma musade nkhawa, sindiyenda ndekha. Ndili ndi wonyamula makireti dzina lake Mthethwa, Mzulu wa msinkhu wanga, wa pakamwa posatopa. Iye amandiitana kuti Nyasa.

Maliko asamamangirire mbuzi pafupi ndi dimba la a Chimphonda, sitifuna milandu. Nsaluyo muichape kaye musanadule, imabwerera.

Ndine mwamuna wanu,
Elifala Dzonzi

Germiston, 19 Epulo 1998

Anangondo,

Ndakondwa kumva kuti chifuwa cha Maliko chatha ndiponso kuti mtedza wachita bwino. Ine ndilipo.

Mathalauzi ndalandira. Ndawayeza ndi tepi, ndapeza kuti mwasoka pa muyeso wakale osaonjezera ngakhale chala chimodzi. Kalata yanunso ndaiwerenga mobwereza. Mukufunsa kuti akundinenepetsa ku Joni ndani, popeza pa chithunzi cha Khirisimasi ndinali ngati nsungwi. Mwati amene akuphikayo ndiye asoke. Mawu amenewa andilasa, koma wolakwa ndine chifukwa ndinalankhula mozungulira.

Kulibe mkazi kuno. Katundu uja ndi mfuti.

Sello atamwalira, bwana wathu a Venter anatisonkhanitsa madalaivala tonse. Anati aliyense wotolera ndalama za buledi aziyenda ndi kamfuti ka kampani, ndipo amene sakufuna, geti ili apo. Anatitumiza kokaphunzira, mapepala a boma onse ali m'malo mwake, si zakuba ayi. Timaitenga m'mawa, madzulo n'kuibweza. Lamulo la kuno likuti mfuti yotere isamaoneke pagulu. Ngakhale lamulolo likadapanda, atsotsi akadziwa kuti uli nayo amakuphera mfutiyo, ndalama zimangokhala zoonjezera. Tsono imayenera kukhala m'chimake cha chikopa, chimakecho n'kulowa m'kati mwa thalauzi. Mainchesi awiri aja ndi amenewo.

Sindinaiwale za bambo anu, momwe mfuti ya gogodela inawaphulikira m'manja ku uzimba wa nguluwe inu muli mtsikana. Sindinaiwalenso zimene ndinanena pamaso pa ankhoswe, kuti ine mfuti sindidzaigwira. N'chifukwa chake dzanja linkalemera kulemba. Koma Esinta watsala ndi chaka chimodzi ndi theka kuti amalize sukulu, ndipo pa msinkhu wangawu ntchito ina kuno sindingaipeze. Ndinaganiza usiku ndi usana, ndiye ndinasayina.

Mundimvetse, Nangondo. Mukafuna kundikalipira kalipani, pepala lilipo. Koma mathalauziwo mundiganizire. Ndatumizanso nsalu ina.

Mtedza musagulitse pano, mitengo idzakwera.

Ndine,
Elifala

Germiston, 17 Meyi 1998

Anangondo,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. A Gomani afika dzana. Ndinawafunsa ngati pali kalata, iwo anati munangowapatsa moni ndi thumba la mtedza. Mtedzawo ndathokoza. Ndinakhuthula thumba lonse pa tebulo kuona ngati munaikamo kapepala, koma ayi.

Ndikuuzani momwe zikuyendera, kuti musamaganize zoposa zimene zilipo.

Kampani imangopereka mfuti, chimake umagula wekha. Mthethwa ananditengera kwa mkulu wina wosoka zikopa m'tauni, a Sollie. Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, nandifunsa kuti tsiku lonse ndimakhala pansi kapena chiimire. Ndinati zonse ziwiri, ndimayendetsa, kutsika, kuwerama, kukweranso. Anapukusa mutu nati thupi langa lilibe pobisa kanthu. Anandilola kuti ndizitenga chimodzi, chikandikanika ndizikasintha.

Ndinayamba ndi chomanga pa kakolo. Chimabisika bwino, koma ndinkayenda ngati ng'ombe yomangidwa mwendo. Mthethwa anaseka mpaka kukhala pa kireti. Anati, "Nyasa, atsotsi akabwera uziwauza kuti pepani mabwana, dikirani ndimange nsapato." Ndinachibweza.

Kenaka ndinayesa cha kumbuyo, pamwamba pa matako. Ukaima chili bwino. Ukakhala pa mpando wa galimoto chimakudinda pa msana mpaka mwendo kuchita dzanzi. Choipitsitsa n'chakuti ine ndimawerama polandira ndalama, monga tinaleredwera kwathu, ndipo ndikawerama malaya amakwera. Mayi wina wogula buledi anaiona, anangosiya buledi pa kauntala n'kutuluka chammbuyo. Tsiku limenelo ndinkangoyang'ana pa galasi la galimoto mpaka kufika ku kampani.

Cha kutsogolo, pafupi ndi mchombo, anyamata ambiri amachikonda chifukwa dzanja limafika msanga. Ine nditakhala pansi ndinaona kumene kamwa ya mfutiyo yaloza, thukuta linatuluka. Mthethwa anati ndikangoyetsemula, mkazi wanga akhala wamasiye ine ndili moyo. Pepani polemba zotere, koma ndi momwe amalankhulira.

A Sollie akuti malo oyenera ine ndi m'chiuno kumanja, chakumbuyo pang'ono kwa fupa, m'kati mwa thalauzi. Ndayesa ndi mathalauzi munasokawa. Batani silitseka, ndipo nditakakamiza chikopa chinandisupula, pali bala. M'sitolo mathalauzi aakulu alipo, Mthethwa akuti ndingogula. Koma chikwatirane sindinavalepo chosoka munthu wina, ndipo ndikagula ndiye kuti mawu anu aja apherezeka, akuti asoke wina. Ndidikira.

Kuno kwayamba kuzizira. Maliko mumugulire juzi.

Ndine,
Elifala

Germiston, 21 Juni 1998

Anangondo,

Moni nonse. Esinta wandilembera kuchokera ku sukulu. Akuti muli bwino, koma makina osokera mwawaphimba ndi chitenje ndipo anthu obwera ndi nsalu mukuwabweza. Musatero chifukwa cha ine. Anthuwo sanakulakwireni.

Ndapeza njira yongoyembekezera. A Sollie andipatsa chimake cha malamba opingasa pa msana, mfuti imakhala m'khwapa kumanzere. Pamwamba ndimavala jekete yotuwa ija munandisokera. Popeza ndi nyengo yozizira aliyense wavala jekete, palibe wodabwa. Pa mpando sichindipweteka, ndikawerama sichioneka. Madzulo phewa limawawa, koma ndi zopirira. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti kukatentha, munthu wa jekete padzuwa amakhala ngati wadzilemba pamphumi.

Pali china. Ku Katlehong kuli mayi wa okala, a MaTshabalala, amene amatenga makireti ambiri. Sabata yatha atandipatsa ndalama anandigwira mkono, nanena motsitsa mawu. Anati, "Mwana wa ku Nyasa, bwanji umangodzigwira pamtima? Ngati ukudwala pita kuchipatala. Ngati wabisa kanthu, dziwa kuti msewu wonse uno wadziwa."

Ndinachita manyazi, chifukwa sindinkadziwa kuti ndimatero. Koma si mfuti imene ndimagwira. Ndi chitupa. Mukukumbukira thumba la m'kati limene mumandisokera mu jekete iliyonse, kumanzere, la batani, kuti mapepala asagwe kapena kubedwa. Zaka zonse zija tinkasakidwa ngati mbewa, ukangoona yunifolomu kapena munthu akukuyang'anitsitsa, dzanja limapita lokha kukaona ngati mapepala alipo. Tonse a kwathu kuno timatero, mungatizindikire pa siteji ya minibasi. Wapolisi asanatsegule pakamwa iwe watulutsa kale, ndi manja awiri, kuti asapse mtima. Chitupa chokhazikika ndinalandira zaka ziwiri zapitazo, mutu unamva, koma dzanja silinamvebe.

Tsono pano zinthu ziwirizi zili mbali imodzi, zatalikirana ngati chikhatho. A Sollie anandichenjeza kuti mapepala ndiwasamutse. Ndinayesa kuwaika m'thumba la thalauzi tsiku limodzi, mtima sunakhazikike, ndinkangoona ngati agwa. Ndinawabwezera m'thumba lanu. Lawasunga zaka zonsezi, silingalephere pano.

Ndikuyesetsa kugwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Mthethwa amandimenya pa dzanja akaona likukwera.

Chimanga muthire mankhwala musanasoke matumba. Ndipo mundilembereko ngakhale mzere umodzi.

Ndine,
Elifala

Germiston, 19 Julaye 1998

Anangondo,

Moni. Ndikhulupirira ana ali bwino. Mukhululuke zilembo zokhota, phewa la kumanja latupa ndipo cholembera chikundivuta kugwira.

Ndinagwa kuntchito. Dzino limodzi la kutsogolo labenthuka, tsaya linasupuka koma likupola. Jekete yotuwa yang'ambika pa phewa. Andipatsa masiku opuma. Musamve za anthu, a Gomani amakonda kuonjezera nkhani.

Mwezi uno envulopu yachepa chifukwa cha dokotala wa mano. Malata otsala aja adikire.

Chimake cha m'khwapa ndabweza kwa a Sollie. Sindidzachivalanso.

Mundipempherere.

Elifala

Germiston, 2 Ogasiti 1998

Okondedwa Anangondo,

Ndikupatsani moni ndi mtima wonse, inu ndi ana. Phewa latsika, ndayambanso kugwira kapu ndi dzanja limodzi.

M'kalata yapita ndinati ndinagwa. Kugwa ndinagwadi, koma sindinanene chondigwetsa. Kubisa ndi kumene kunayambitsa zonsezi, tsono lero ndinena zonse, kenaka muweruze.

Tinkalowa ku Vosloorus ndi buledi, tinapeza apolisi atseka msewu. Tinamva pambuyo pake kuti m'mawa womwewo achifwamba anali atawombera galimoto ina ya katundu, ndiye apolisi onse anali ndi mfuti m'manja. Anatiimitsa. Wapolisi wina wachinyamata anabwera pa windo langa. Nangondo, ndinali nditadziuza njira yonse kuti manja pa chiwongolero. Koma nditangoona yunifolomu pafupi, dzanja linanyamuka lokha kulowa mu jekete kukatenga chitupa, mwachangu monga mwa masiku onse. Jekete inatseguka. Chimene mnyamatayo anaona ndi chigwiriro cha mfuti, ndi dzanja langa likupita komweko.

Sindikumbukira momwe chitseko chinatsegukira. Ndinangozindikira nkhope ili pa phula, bondo la munthu lili pa msana, mkono aupotokolera kumbuyo, ndipo chitsulo chozizira chili kuseri kwa khutu langa. Ndinafuna kunena kuti mapepala ali m'thumba, koma m'kamwa munali magazi ndi mchenga. Chimene ndinaganiza ndi chakuti mudzamva kuti Elifala anafa ngati tsotsi, ndi mfuti m'khwapa, ndipo mudzati ndinanena.

Anandipulumutsa ndi Mthethwa. Anatsika manja ali m'mwamba, akukuwa kuti, "Musawombere, ndi Mnyasa uyu! Amafuna kukuonetsani chitupa. Amaonetsa ngakhale kwa ogulitsa malalanje!" Wapolisi wina wachikulire anabwera, nachotsa mfutiyo, napisa m'thumba lanu lija. Batani linamuvuta kumasula. Anapeza chitupa, chilolezo cha mfuti, kalata ya kampani, zonse zopindidwa bwino mu pulasitiki. Anandidzutsa nandikhazika m'mbali mwa msewu.

Mnyamata uja anabwera kudzaima patsogolo panga. Anati, "Madala, chala changa chinali chitayamba kale kukoka. Ndani anakuuzani kuti mutulutse kanthu ndisanakufunseni?" Ndinati palibe, ndi ulemu chabe. Iye anati ulemu umenewo ukanamusenzetsa mtembo wa munthu wa msinkhu wa bambo ake. Anapita kuseri kwa galimoto yawo, ndinamumva akusanza.

Musaganize kuti ndikuloza chala thumba lanu, kapena mathalauzi amene simunasoke. Thumbalo munalisoka kuti lindisunge, ndipo landisunga. Amene anaika mfuti pambali pake ndine, a Sollie atandiletsa.

Tsono nkhani ili apa. A Venter akuti sangasunge dalaivala amene sanakhazikike ndi mfuti yake. Pakali pano andiika kotsuka makireti, koma ndi mwezi uno wokha. Lolemba pa 31 Ogasiti ndiyenera kuwayankha. Kaya ndibwerera pa msewu nditavala moyenera, kaya ndisiya ntchito. Ya pakati palibe.

Ndakhala pansi ndi a Sollie, tagwirizana chomwe chingatheke. Mfuti ikhale m'chiuno kumanja, m'chimake cholimba chophimba chowombera chonse. Mapepala akhale kutali nayo, poonekera, poti dzanja likapita aliyense aone kuti likupita kuti. Dzanjali sindingalisinthe pa msinkhu uno, ndayesa. Chimene chingasinthe ndi chovala.

A Gomani akupatsani nsalu ziwiri. Ya khaki ndi ya mathalauzi, mainchesi awiri aja. Yopepukayo ndi ya kajekete ka nyengo yotentha, konga ka yunifolomu, koti munthu sangadabwe nako padzuwa. Katalike kupitirira chiuno ndi chikhatho chimodzi. Mumpendero wa kumanja musokeremo kachitsulo kakang'ono kolemera, kaya wasala wa njinga ya Maliko, kuti mphepo isamakapeperutse. Thumba la mapepala likhale kunja, pachifuwa kumanzere, lopanda batani. M'kati musasokemo thumba lililonse.

Mu envulopu mupezamo kansalu kotuwa. Ndi thumba lija. Ndalichotsa mu jekete ndi lezala, ndipo ulusi wanu unalimbana nane madzulo onse. Sindinathe kulitaya.

Lonjezo lija ndinalipereka kwa inu, ndipo ndinaliphwanya osakufunsani. Sindibwerezanso. Mukasoka zovalazi ndidziwa kuti mwandilola, ndigwira mpaka Esinta alembe mayeso, tsiku lomwelo ndidzabweza mfuti. Mukaona kuti simungathe, mubweze nsaluzo zosadula. Ndikaziona sindifunsa chilichonse, ndikatsanzika kwa a Venter n'kukwera lole yomweyo ya a Gomani, ndipo za sukulu ya mwana tidzaona ndi khasu. Sindikudziwa kuti chabwino n'chiti. Ndikaganiza za Esinta ndimafuna jekete, ndikagwira kuseri kwa khutu ndimafuna nsalu.

A Gomani anyamuka pa Ntcheu pa 24, kuno afika sabata yomweyo. Ndidzakhala ndikuwadikira pamene amatsitsira katundu. Chosoka kapena chosasoka, zonse ndilandira ndi manja awiri. Chokhacho, Nangondo, asatsike ndi mtedza wokha. Mundiyankhe lisanafike la 31.

Ndine mwamuna wanu,
Elifala Dzonzi